Kodi ndege ya nkhondo iuluke ndi chip ya m'foni? Ine ndikuti inde, koma pali mfundo zake

Mu Disembala 2005, asilikali a m'mlengalenga a dziko la America analengeza kuti ndege yawo yatsopano ya F-22 Raptor yakonzeka kugwira ntchito. Inali ndege yodula koopsa, yovuta kuiona pa rada, yothamanga kuposa liwiro la mawu. Koma makompyuta ake, omwe amasonkhanitsa zonse zimene rada ndi masensa aona n'kuzipereka kwa woyendetsa, anamangidwa pa purosesa ya Intel yotchedwa i960MX, yomwe pofika tsiku limenelo inali itasiya kale kupangidwa. Kompyuta ya pa desiki ya kalaliki wamba m'chaka chimenecho inali ndi purosesa yothamanga kuposa imeneyo.

Sikuti mainjiniya ake anali mbuli ayi. Ndegeyi inapambana mpikisano wosankha ndege yatsopano mu 1991, ndipo zipangizo zake zamagetsi anazisankha m'nyengo yomweyo. Kuchokera apo mpaka 2005 panadutsa zaka 14, ndipo pa nkhani ya makompyuta zaka 14 ndi nthawi yaitali zedi.

Maganizo anga ndi awa. Opanga ndege za nkhondo akuchita bwino kugula zipangizo zamagetsi za pamsika wamba, zofanana ndi zomwe zili m'mafoni, m'magalimoto ndi m'makompyuta, m'malo modzipangira chilichonse okha. Koma njira imeneyi imapindula pokhapokha zinthu ziwiri zitatsatidwa. Choyamba, Fizikisi ipatsidwe ulemu wake, chifukwa mlengalenga si m'thumba la malaya. Chachiwiri, polumikizira zipangizozo pazitsatira miyezo yotseguka, yoti kampani iliyonse itha kuiwerenga ndi kuitsatira. Chimodzi mwa ziwirizi chikasowa, zotchipazo zimasanduka zodula.

Msika unatembenuka

Tiyambe ndi mawu. Pachingerezi amati commercial off-the-shelf, mwachidule COTS. Tanthauzo lake ndi katundu wopangidwa kale, wogulitsidwa kwa aliyense, woti ungotenga pa shelefu n'kulipira. Zili ngati kugula yunifolomu yosokedwa kale m'sitolo m'malo mopita kwa telala kuti akuyeze. Ndikamanena chip, musaganize za tchipisi cha pa chiwaya. Ndikunena kachidutswa ka silikoni kokhala ndi tinthu totchedwa mathiranzisita, tomwe timatsegula ndi kutseka njira ya magetsi. M'foni yamakono muli mabiliyoni a tinthu timeneti.

Chip yoyamba inapangidwa mu 1958 ndi Jack Kilby ku kampani ya Texas Instruments, ndipo Robert Noyce wa ku Fairchild anatulukira njira yake mu 1959. M'zaka zoyambirira za m'ma 1960, kasitomala wamkulu wa machip anali boma la America, lomwe linkawafuna pa mizinga ya Minuteman II ndi pa kompyuta ya chombo cha Apollo. Asilikali akanena kuti tikufuna chakuti, mafakitale ankathamanga.

Lero zinthu zinatembenuka. Ndege za F-22 zomwe zinapangidwa zonse pamodzi ndi 195 basi. Mafoni amakono omwe amagulitsidwa padziko lonse pa chaka chimodzi amapitirira 1 biliyoni. Fakitale imodzi yopanga machip amakono imadya madola oposa 10 biliyoni kuti imangidwe. Inuyo mutakhala mwini fakitale yoteroyo, mungamvere ndani, wa ndege 195 kapena wa mafoni? Ndalama zofufuzira nzeru zatsopano zimatsata kasitomala wamkulu, ndiye machip othamanga kwambiri amayamba kufika m'manja mwa anthu wamba asanafike kwa asilikali.

Gordon Moore, mmodzi mwa omwe anayambitsa Intel, anaona mu 1965 kuti chiwerengero cha mathiranzisita pa chip imodzi chikuwirikiza mwachangu, ndipo mu 1975 ananena kuti chiziwirikiza kawiri pa zaka ziwiri zilizonse. Tiyeni tiwerengere limodzi. Zaka 14 za F-22 zija zikutanthauza kuwirikiza maulendo 7. Mukachulukitsa 2 maulendo 7 mupeza 128. Ndiye kuti pamene ndege inkamalizidwa, msika unali utapita patsogolo mwina nthawi 128 kuposa pomwe mainjiniya anasankhira zipangizo zawo.

Boma la America linaona vutoli. Pa 29 Juni 1994, nduna ya zachitetezo William Perry inalemba kalata yosintha kagulidwe ka zida. Kale lamulo linali lakuti chilichonse chitsatire miyezo yapadera ya usilikali. Kuchokera pa kalatayo, ogula anauzidwa kuti azinena ntchito yomwe chipangizo chiyenera kugwira, azigwiritsa ntchito miyezo ya pamsika, ndipo wofuna muyezo wa usilikali azipempha kaye chilolezo. Anthu ambiri amati cholinga chinali kupulumutsa ndalama. N'zoona, koma kwa ine phindu lalikulu linali nthawi.

Fizikisi sinyengereredwa

Tsopano wina afunsa: ngati chip ya m'foni ndi yothamanga komanso yotchipa, bwanji osangoichotsa m'foni n'kuimangirira m'ndege? Apa ndi pomwe maphunziro athu a m'kalasi amalowera.

Tiyambe ndi kutentha. Opanga machip amawagawa m'magulu. A wamba amalonjezedwa kugwira ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 70 Celsius. A m'mafakitale, kuyambira -40 mpaka 85. A usilikali, kuyambira -55 mpaka 125. Nambala ya -55 siinangotoledwa m'tchire. Mpweya umazizira pafupifupi madigiri 6.5 pa kilomita iliyonse yomwe wakwera. Ngati pansi pali madigiri 15, pa makilomita 11 mupeza 15 kuchotsa 71.5, zomwe zikutipatsa -56.5. Ndege yomweyo mphindi zochepa zapitazo inali itaima pa bwalo la m'chipululu, dzuwa likuswa mtengo, mabokosi ake amagetsi atatentha ngati uvuni.

Chomwe chimapha chipangizo si kuzizira kokha kapena kutentha kokha, koma kusinthasintha. Mukukumbukira kuti zinthu zimafutukuka zikatentha, ndipo chilichonse chimafutukuka pa mlingo wake. Silikoni amatalika pafupifupi magawo 2.6 pa miliyoni pa digiri iliyonse, pamene bolodi yomwe chip imakhalapo imatalika pafupifupi magawo 15 pa miliyoni. Ziwirizi ndi zomatidwa ndi timadontho ta soda. Ndege ikakwera, bolodi imafupika kwambiri kuposa chip. Ikatsika, imatalika kwambiri kuposa chip. Timadontho tija timakokedwa uku ndi uku. Tengani waya, muupinde uku ndi uku kambirimbiri, muona zomwe zimachitika: umaduka. Mainjiniya amathira guluu wapadera pansi pa chip, ndipo amayesa mabolodi m'mabokosi otenthetsa ndi kuziziritsa mosinthanasinthana asanawavomereze.

Chachiwiri ndi mpweya. Mphamvu yamagetsi yomwe purosesa imadya, P = IV, pafupifupi yonse imasanduka kutentha. Laputopu imachotsa kutenthako ndi fani. Koma pa makilomita 11 mpweya ndi wopepuka, sufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa mpweya wa pansi. Fani izungulira ndithu, koma ilibe mpweya wokwanira wonyamula kutenthako. N'chifukwa chake mabolodi ambiri a m'ndege amamangiriridwa ku mafelemu a aluminiyamu omwe amapanikizidwa ku makoma a bokosi, kuti kutentha kuyende kudzera m'chitsulo. Ndege ngati F-22 ndi F-35 zimafika poyendetsa madzi apadera oziziritsa m'mapaipi.

Chachitatu ndi mphamvu ya kukhota. F-16 itha kukhota mpaka 9g, kutanthauza kuti chilichonse m'ndegemo chimakankhidwa ngati chalemera maulendo 9. Kachitsulo koziziritsa purosesa kolemera magalamu 200 kamakoka zomangira zake ngati kakulemera makilogalamu 1.8. Onjezani kunjenjemera kwa injini ndi kwa mfuti. Pulagi yomwe imangolowetsedwa mopanda chomangira, ngati ya tchaja chanu, siingapirire.

Chachinayi ndi chosaoneka ndi maso. Kuchokera kutali mumlengalenga kumabwera tinthu tothamanga kwambiri tomwe tikawomba mpweya wa kumtunda timatulutsa manyutironi. Pomwe ndege zimauluka, manyutironi amenewa ndi ochuluka maulendo mazana angapo kuposa pansi pano, chifukwa ife mpweya umatitchinga. Memore ya kompyuta imasunga 0 kapena 1 ngati kachaji kakang'ono, Q = CV. Thiranzisita ikachepa, C imachepa, V imachepa, ndiye chaji chosungidwacho chimachepanso. Nyutironi imodzi ikawomba atomu ya silikoni pamalo oyenera, 0 atha kusanduka 1. Chip siinapse, koma nambala yasintha. M'foni zikachitika, mwina pulogalamu ingotsekeka, inu n'kuitsegulanso. M'kompyuta yoyendetsa mapiko, nambala yolakwika ndi nkhani ya moyo wa munthu.

Mankhwala ake alipo. Pali memore yodziwa kuzindikira ndi kukonza kachidutswa kamodzi kolakwika. Palinso njira yovota. Makompyuta atatu awerengere funso limodzi, yankho la awiri ndilo litengedwe. Tiyerekeze kuti iliyonse imalakwitsa kamodzi pa maulendo 1,000. Kuti gululi lilakwitse pafunika awiri alakwitse nthawi imodzi, ndipo mwayi wake ndi pafupifupi 3 pa miliyoni. Mutu umodzi susenza denga. Koma chenjerani ndi masamu amenewa: amagwira ntchito ngati zolakwikazo sizikuchokera ku gwero limodzi. Makompyuta atatu okhala ndi pulogalamu imodzi yolembedwa molakwika avomerezana bwinobwino pa yankho labodza.

Chachisanu ndi chodabwitsa. Chitsulo cha tini chopanda mtovu chimamera tindevu tating'onoting'ono tomwe titha kukhudza waya woyandikana nawo n'kuyambitsa shoti. Setilaiti ya Galaxy IV inasiya kugwira ntchito mu Meyi 1998, ndipo tindevu timeneti ndi tomwe tinatchulidwa kuti tinapha imodzi mwa makompyuta ake. Mu 2006 mayiko a European Union analetsa mtovu m'zipangizo zambiri zamagetsi pofuna kuteteza thanzi la anthu, ndipo msika wonse unatsatira. Wogula pa shelefu amalandira zomwe msika wasankha. Walira mvula walira matope. Opanga ndege amakuta mabolodi ndi utoto wapadera, ndipo nthawi zina amasintha soda wa zipangizo zomwe agula.

Onani kuti pa mavuto asanu onsewa palibe lomwe likuti chip ya pamsika n'njosatheka. Onse akuti muiteteze, muiyese, ndipo musaidalire yokha.

Umboni unachokera ku Mars

Chitsanzo chomwe ndimachikonda si cha nkhondo n'komwe. Pa 19 Epulo 2021, kahelikopita kolemera makilogalamu 1.8 kotchedwa Ingenuity kanauluka pa pulaneti ya Mars. Galimoto yomwe inakanyamula, Perseverance, imayendetsedwa ndi purosesa ya RAD750, yopangidwa mwapadera kuti ipirire cheza cha mumlengalenga, koma yothamanga pafupifupi 200 MHz basi. Kahelikopitako kankafunika kujambula nthaka kambirimbiri pa sekondi imodzi n'kuwerengera komwe kakulowera, ntchito yomwe purosesa yoteroyo siingaikwanitse. Mainjiniya a NASA anaikamo Snapdragon 801 ya kampani ya Qualcomm, chip ya m'mafoni a m'ma 2014, yothamanga kuposa 2 GHz, ikuyendetsa Linux. Anakonza zoti kauluke maulendo 5. Kanauluka maulendo 72, mpaka Januwale 2024 pomwe mapiko ake anawonongeka potera.

Koma musathamangire kunena kuti basi foni yapambana. Ntchito yoyendetsa mapiko anaipereka kwa timakompyuta tiwiri tolimba ta mtundu wa m'magalimoto, kena kogwira ntchito kena kodikirira, ndipo pakati panali chip ina yopirira cheza yoyang'anira zonse. Usiku wa ku Mars umazizira mpaka cha m'ma -90, ndiye mphamvu yambiri ya batire inkathera pa kutenthetsa zipangizo. Chip ya m'foni inagwira ntchito yofuna liwiro, zipangizo zolimba zinagwira ntchito yosunga moyo wa chombo. Umu ndi momwe ndege ya nkhondo iyenera kumangidwira.

Polumikizira ndiye pagona nkhani

Apa ndi pomwe ambiri oyamikira COTS amaphonya. Chip ya pamsika imatha msanga pamsika. Pakangopita zaka zochepa, fakitale yasiya, yayamba ina. Koma ndege imakhala zaka makumi angapo. B-52 yomaliza inatuluka m'fakitale mu 1962, ndipo America ikukonza zoti ndegezi ziziulukabe mpaka m'ma 2050. Choncho kugula pa shelefu pakokha sikuthetsa vuto la F-22 lija. Kutha kulikulitsa kumene. Ngati m'moyo wa ndege imodzi kompyuta iyenera kusinthidwa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, funso lalikulu ndi lakuti: kodi kusinthako kuzitheka mosavuta, ndipo ndani ali ndi ufulu wosintha?

Funsani akuluakulu kunyumba za matchaja a mafoni akale. Nokia inali ndi kapini kake, Samsung kake, Motorola kake. Tchaja chikatayika, foni ya mnzako siingakuthandize. Lero USB-C yafala, ndipo kuyambira pa 28 Disembala 2024 mafoni atsopano ogulitsidwa m'mayiko a European Union ayenera kukhala nayo. Muyezo wotseguka ndi umenewo: pangano lolembedwa poyera lonena kukula kwa pulagi, mavoti ake, ndi chiyankhulo chomwe zipangizo zilankhulirane. Mkati mwa tchaja kampani iliyonse ichite zake, koma polumikizira pakhale pamodzi.

Asilikali anaidziwa kale nzeruyi. Mu 1973 anatulutsa muyezo wa MIL-STD-1553, ndipo F-16 inali ndege yoyamba kuugwiritsa ntchito. M'malo moti bokosi lililonse likhale ndi mawaya akeake opita ku bokosi lina lililonse, onse amalumikizidwa ku mawaya awiri opotana, ndipo pamakhala chingwe china chachiwiri chodikirira ngati choyamba chaduka. Kompyuta imodzi imakhala ngati mphunzitsi m'kalasi: palibe wolankhula asanalozedwe. Liwiro lake ndi 1 megabit pa sekondi. Chithunzi cha pafoni cha 3 megabyte ndi 24 megabit, ndiye chingatenge masekondi osachepera 24 kuti chidutse. Ethernet ya gigabit ndi yothamanga maulendo 1,000 kuposa pamenepo. Komabe muyezowu ukugwirabe ntchito patatha zaka zoposa 50, ngakhale pa International Space Station, chifukwa uthenga umafika pa nthawi yodziwika ndipo bokosi la kampani iliyonse yotsatira muyezo limalumikizika. Machip a m'ma 1970 anatha kalekale, koma pangano lija lilipobe.

Masiku ano pali miyezo ina yatsopano. OpenVPX imanena kukula kwa makhadi amagetsi ndi malo omwe amalowa, kuti khadi la purosesa lakale lisololedwe, latsopano lilowe. FACE, yomwe inayamba mu 2010 pansi pa bungwe la The Open Group, imanena momwe mapulogalamu a m'ndege ayenera kulembedwera kuti pulogalamu imodzi isamuke kuchoka pa ndege ina kupita pa ina. SOSA, yomwe muyezo wake woyamba unatuluka mu 2021, imachita zomwezo pa masensa. Lamulo la bajeti ya zachitetezo ya America la chaka cha 2017 linalamula kuti zida zikuluzikulu zatsopano zizimangidwa mwa zigawo zolumikizana motseguka. Ku Sweden, kampani ya Saab inamanga Gripen E polekanitsa mapulogalamu oulutsa ndege ndi mapulogalamu a ntchito za nkhondo, kuti posintha za rada asamayambirenso kuyesa zonse zokhudza kuuluka.

Pamenepa pali ndalama za anthu okhoma msonkho. Polumikizira pakakhala pachinsinsi, kampani yomwe inapanga ndege ndi yokhayo yomwe ingaikonze kapena kuiwonjezera, kwa zaka 40 kapena 50, pa mtengo womwe yanena. Ofesi yofufuza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma la America, GAO, yadandaula kangapo kuti boma lilibe zikalata zokwanira za kapangidwe ka F-35 zoti lizisamalira ndegeyo palokha. Dziko lolemera choncho likumangika manja. Nanga dziko laling'ono lomwe langogula ndege zochepa?

Otsutsa ali ndi mfundo, tiwamve

Mfundo yoyamba ndi ya zipangizo zachinyengo. Mu 2012 komiti ya zankhondo ya nyumba ya Senate ku America inatulutsa lipoti lomwe linapeza milandu pafupifupi 1,800 ya zipangizo zokayikitsa, zoposa 1 miliyoni zonse pamodzi, m'zaka za 2009 ndi 2010. Zina zinafika m'ndege za C-130J, C-27J ndi P-8A. Akathyali ankachotsa machip pa mabolodi otayidwa, kuwatsuka, kupala zolemba zakale n'kusindikiza zatsopano. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Vutoli ndi lenileni. Koma taonani komwe limakulira: ndi pomwe chip yasiya kupangidwa, ndege ikuifunabe, ndipo ogula akusakasaka kwa mavenda osadziwika. Ndege yomwe khadi lake litha kusinthidwa ndi lamakono, logulidwa kwa mwini fakitale, siifunika kupita kwa mavenda otere. Mfundo imeneyi ikuthandiza mbali ya miyezo yotseguka.

Mfundo yachiwiri ndi ya chitetezo: ngati aliyense atha kuwerenga muyezo, mdani nayenso awerenga. Zoona. Koma aliyense amadziwa momwe loko amagwirira ntchito, ndipo nyumba zimatsekedwabe, chifukwa chinsinsi chili pa kiyi. Auguste Kerckhoffs analemba mfundo imeneyi mu 1883: njira yobisira uthenga ikhale yolimba ngakhale mdani ataidziwa, bola asakhale ndi kiyi. AES, njira yomwe imateteza mauthenga ambiri pa intaneti, inasindikizidwa poyera mu 2001, ndipo boma la America limailola kuteteza zinsinsi zake zapamwamba. Mu Disembala 2009 kunamveka kuti zigawenga ku Iraq zinkaonera makanema a ndege zopanda woyendetsa za Predator pogwiritsa ntchito pulogalamu ya madola 26 yotchedwa SkyGrabber. Chinalakwika n'chakuti makanemawo ankatumizidwa osabisidwa, poganiza kuti palibe angadziwe powapezera. Kubisa kapangidwe n'kusiya chitseko chosakhoma si chitetezo. Pomwe otsutsa akunena zoona ndi apa: chip kapena pulogalamu ikafala, bowo lomwe lapezeka pa imodzi lili pa zonse. N'chifukwa chake zigawo zoulutsa ndege ziyenera kutchingidwa, zisamalandire malamulo kuchokera ku zigawo zolankhula ndi kunja.

Mfundo yachitatu ndi yakuti kusintha sikophweka ngati momwe otsatsa malonda amanenera. Izinso n'zoona. F-35 inalandira purosesa ndi memore zatsopano m'ntchito yotchedwa TR-3, koma mapulogalamu ake anavuta kukhazikika. Kuyambira Julaye 2023 mpaka Julaye 2024 boma la America linakana kulandira ndege zatsopano, ndipo zinangoimikidwa zikudikirira. Kulowetsa khadi ndi ntchito ya mphindi zochepa. Kutsimikiza kuti mizere mamiliyoni ya pulogalamu ikugwirabe ntchito bwino pa khadi latsopanolo ndi ntchito ya zaka. Ine ndikuona phunziro lake motere: pamene zonse zalukanalukana, kukhudza chimodzi n'kukhudza zonse. Malire omveka bwino pakati pa zigawo ndi omwe amachepetsa zoyesanso, ndipo malirewo ayenera kuikidwa ndege ikadali pa pepala.

Mbali yomwe siisangalatsa

Sindikufuna muchoke pano mukuganiza kuti nkhaniyi ndi ya masamu okoma okhaokha. Ndege za nkhondo zimapangidwira kupha, ndipo zipangizo zikatchipa, kupha nakonso kumatchipa. Mu Ogasiti 2022 bungwe la RUSI la ku London linasanthula zida za Russia za mitundu 27 zomwe zinapezeka ku Ukraine, ndipo linapezamo mitundu yoposa 450 ya zipangizo zopangidwa kunja, zambiri za makampani a ku America. M'ndege yopanda woyendetsa ya Orlan-10 munapezeka kamera ya Canon, yonga yomwe wojambula pa ukwati amanyamula. Ku Ukraine ndi ku Sudan, madroni omangidwa ndi zipangizo za pamsika apha anthu wamba m'nyumba zawo ndi m'misika.

Kodi zimenezi zikugwetsa maganizo anga? Ayi, koma zikuwapatsa malire. America kapena Sweden atasiya lero kugula pa shelefu, machipwo akhalabe pa shelefupo, ndipo wofuna kuwagula awagula. Chomwe chingachepetse imfa ndi malamulo oyang'anira malonda a zida, malamulo a nkhondo oteteza anthu wamba, ndi mainjiniya odziwa kukana ntchito zina. Luso lomwelo lilinso ndi ntchito ina. Ku Kasungu, boma la Malawi ndi UNICEF anatsegula mu 2017 dera loyeseramo madroni othandiza anthu, ndipo mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inatsegulidwa ku Lilongwe. Droni yonyamula mankhwala kapena yojambula madera osefukira madzi imatheka pa mtengo wofikirika chifukwa cha zinthu zomwezi: masensa a m'mafoni, mabatire a pamsika, ndi miyezo yoti aliyense atha kuiwerenga.

Ndiye nayi ntchito yoti muchite sabata ino. Tengani tchaja chakufa kapena wailesi yowonongeka yoyendera mabatire, yomwe yakhala nthawi yaitali isanalumikizidwe ku magetsi, muitsegule pamodzi ndi aphunzitsi anu. Pezani chip imodzi, muwerenge nambala yolembedwa pamsana pake, muifufuze pa intaneti pamodzi ndi mawu akuti datasheet. Pa chikalatacho yang'anani madigiri omwe chip imeneyo imapirira. Kenako dzifunseni mafunso atatu omwe injiniya wa ndege amafunsa. Kodi ingapirire pa -56? Ikalakwitsa nambala imodzi, ndani azindikire? Ikasiya kupangidwa chaka chamawa, ina ilowa pamalo pake popanda kuphwasula zonse? Mubwere ndi mayankho anu ku kalasi ya Fizikisi, ndipo musaiwale kubweretsa chip yomwe mwaifufuzayo.